Mkhwani Wanga Walowa M'fayilo ya Khansolo

Lolemba

Mvula. Ntchito kulibe chiimireni zomangamanga.

M'mawa kudimba. Ndikuti dimba, koma ndi kuseri kwa maflati osatha aja kuno kwa azungu, ku Blanchardstown, amene tinkamanga ife tomwe kampani isanagwe. Mpata wa pafensi ndimaudziwa ndekha. Mkhwani, mpiru, ndi kabonongwe ka mbewu yochokera kwa apongozi ku Dedza. Odziwa za dimbali: ine, amake Chisomo, ndi nkhono.

Pageti amatapo chipepala. Mwini malo wapempha chilolezo kukhansolo kuti athire konkire ponseponse, aike potsukira magalimoto. Pa mkhwani wanga! M'munsi alemba kuti aliyense angathe kukaona mapulani n'kupereka maganizo ake.

Aliyense. Ndiye kuti ndi ine ndemwe.

Zochita sabata ino:
- kukaona mapulani
- kulemba kalata yokana
- osauza munthu aliyense

Amake Chisomo: "Malo a eni, ndiye mukadziulule nokha?" Mayiyu demokalase sakuimvetsa.

Lachiwiri

Ku ofesi ya khansolo, nditavala jekete la kutchalitchi. Ndikudikira kufunsidwa kuti ndine yani, wandituma ndani, bwanji osabwera mawa. Ayi ndithu. Mayi wa pakauntala akungondipatsa fayilo yonse, ndi mpando womwe. Palibe wofuna ya fanta!

Pamapu awo, pamene pali dimba langa alembapo kuti malo opanda kanthu. Opanda kanthu!

Mayiyo akuti kalata iliyonse imene alandira amaiika poyera, pa intaneti, kuti aliyense awerenge. Ndikumuuza kuti dziko ndi limeneli, kwathu tikadakhala ndi zotere bwenzi tili patali.

Lachitatu

Chingerezi changa n'cha pasaiti, chonyamulira matabwa ndi chokalipirana. Ndikukwera kwa a Gondwe a flati ya pamwamba, amene akuchita masters. Ndayamba ndawalumbiritsa kuti asauze munthu za dimbali.

Ine ndikufuna kakalata kafupi. Iwo akuti khansolo imafuna umboni. Pofika madzulo kalata ili ndi:
- mawu akuluakulu amene sindingawatchule kawiri
- chithunzi cha mkhwani, masamba ali biriwiri ngati a pakalendala
- mapu, ndi muvi wofiira woloza pampata wa fensi
- dzina langa ndi adiresi

Muviwo ukundikayikitsa. A Gondwe: "Achimwene, popanda mapu aziyesa nkhambakamwa."

Ndasaina.

Lachinayi

Ndapereka. Chidindo phwa! Pabasi ndakhala mpando wakutsogolo ngati phungu.

Chisomo akufunsa m'Chingerezi ngati adadi tsopano ndi andale. Ndikumuyankha m'Chichewa kuti ndine nzika basi. Amake akuti ndiyambe ndaona pasipoti yanga.

Lachisanu

Kalata yatuluka pa intaneti. A Gondwe, ponyadira Chingerezi chawo, aitumiza pa imelo kwa anzawo awiri okha. Mmodzi ndi mlembi wa kwaya.

Foni sikupuma:
- wina wa ku Tallaght: mkhwaniwo ndi weniweni?
- Mai Zulu, nesi wa ku Zambia wa kutchalitchi kwathu: "Atate ake Chisomo, muli na chibwabwa chonse chija, ise tikudya sipinachi ya mufiriji? Mulungu akuonani imwe."
- wina wosapereka n'komwe moni: basi yopita kumeneko ndi nambala chani?

A khansolo okha ndiwo sanaimbe.

Ndikuwaimbira ine. Kodi mapu aja angachotsedwe? Mayi wa pakauntala uja akuti zimene zalowa m'fayilo ndi za anthu onse. Akunena mokoma mtima. Akundikumbutsanso kuti ndinaziyamikira kwambiri.

Loweruka

Ndikulawira kudimba. Ndachedwa!

Pampata pali mzere. Amayi ndi majumbo. Wina wabwera ndi pulamu yopanda mwana. Bambo wina wa yunifolomu ya ku eyapoti wagwira mapu osindikiza, akulondolera anthu. Akundiuza kuti ndikaime kumbuyo.

M'kati Mai Zulu akuthyola uku akuimba. "Tabwera kukuthandizani nkhondo yanu!" Chabwino. Ndikukwera pamulu wa mabuloko, ndikupempha onse kuti nawonso alembe makalata okana konkire.



Wina: "Dzina langa pa intaneti? Ndi mapepala angawa?" Wina akuti ayambe afunsa abambo akunyumba. Manja okha sakuima.

Zotsala:
- mapesi
- mapazi m'matope
- bonongwe, amene ana obadwira kuno amuyesa udzu n'kumupondaponda

A Gondwe ndawaona akutuluka, jekete litatupa mbali imodzi. Sitinapatsane moni.

Lamulungu

Popita kutchalitchi ndikupempha kuti tidzere kumalo kuja. Chipepala cha pageti palibe. Pali mlonda watsopano ndi galu.

Mlondayo akuti malowa yalanda banki. Mwini wake ali ku Australia. Potsukira magalimoto sipadzakhalapo, anthu masiku ano akutsukira mvula. Ndiye konkire ija sikadabwera n'komwe, ndikadangokhala chete.

Mpata autseka ndi waya watsopano. Mlondayo akuti mabwana ake sankaudziwa, auona pa kalata ya munthu wina pa intaneti. "Mapu abwino zedi," akutero. Ndikuvomereza kuti ndi abwino.

Amake Chisomo akundiyang'ana cham'mbali njira yonse. 

Titaweruka, Mai Zulu akundipatsa kakontena kofunda. Mkhwani wotendera, ndi chiponde cha m'botolo. "Tinakusungirankoni, musadandaule."

Ndikuthokoza ndi manja awiri. Nanga n'kutani?

Mchere wachepa pang'ono. Ndadya wonse.