Zala Zinayi Pakhomo pa Chigafa

Lolemba

Sola yafika. Ndaigula ku Boma, ndabwera nayo itakulungidwa m'bulangeti kuti mabampu asaiswe.

Pulani ndi iyi: ikhale pamwamba pa kanopi ya pikapu. Lachinayi ndinyamuka ndi mabelo a fodya asanu ndi limodzi kupita ku okushoni, ndipo kumeneko munthu umagona pamzere masiku atatu, mwina anayi. Chaka chatha foni inandithimira tsiku lachiwiri. Pobwera ndinapeza achimwene atawaika kale m'manda. Anthu anandiimbira mpaka kutopa. Zimandiwawabe. Chaka chino mwana wanga Tadala wabwera kudzadikira kuno kwa amake, mimba yoyamba, mwezi wake ndi uno. Foni yanga isathimenso, basi.

Wogulitsa akuti ndiboole kanopi malo anayi, ndimange ndi mabawuti. Kuboola kanopi? Kanopi imene ndinaigulira kuti fodya asanyowe? Munthuyo sanalimepo fodya. Ndimanga mmene timamangira chigafa.

Amake Tadala akuti sola ikanakhala padenga la nyumba. Ndachita ngati ndikuyang'ana tayala.

Zofunika:
- mikangala khumi yopachikira fodya ija, yowongoka
- linya
- malegeni
- amake Tadala asabwerezenso za dengazo

Zitatu zoyambazo zilipo.

Lachiwiri

Ndikugwirira ntchito m'chigafa momwemo, kumapeto kumene pikapu imagona. Mthunzi wabwino, fungo la fodya, wailesi pambali. Kunja dzuwa likuswa mtengo, koma ine silikundikhudza.

Thandala lokhalapo sola latha masana. Mikangala inayi m'litali, isanu ndi umodzi mopingasa, yonse yomangirira ku zitsulo za m'mbali mwa kanopi. Mfundo iliyonse ndikuikoka ndi mano, kenako ndikuwotcha nsonga ya linya kuti isadzamasuke mpaka kale. Mbali imodzi ndakwezako kuti madzi azitsetsereka.

A Gondwe, neba wanga, abwera kudzaona. Azungulira kawiri manja ali kumbuyo. "Chakoma, adada. Changotsala n'kupachikapo fodya." Nsanje chabe. Komabe andithandiza kukweza sola. Ndi munthu wabwino akatseka pakamwa.

Ndagwedeza thandala ndi mphamvu zanga zonse. Pikapu yonse ikugwedera, sola osasuntha. Mtima uli mbee.

Lachitatu

Tsiku la mawaya. Wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda. Waya walowera pawindo la m'mbali, bowo palibe. Batire pakona. Babu ndapachika. Foni ndalumikiza.

Zii.

Ndamasula, ndalumikizanso. Zii. Ndapukuta sola ndi malaya anga. Ndamutukwana wogulitsa chamumtima, iye ndi sitolo yake yomwe.

Amake Tadala akudutsa ndi fodya wosankha m'manja, osaima n'komwe: "Chaka chino chigafa munafolera bwino, bambo. Dzuwa silikulowa ngakhale pang'ono."

Eya. N'zoona. Ndinafolera ndekha, udzu wokhuthala, pulasitiki kunsi kwake. Ndaseka mpaka kukhala pansi. Wogulitsa uja andikhululukire.

Palibe chovuta. Mawa ikangotuluka, imwa dzuwa njira yonse. Tadala ali pamkeka akuswa mtedza, akuti msana ukumuwawa pang'ono. Amake akuti nthawi ikadalipo.

Lachinayi

Ulendo. Mabelo onse akwera, matiresi pamwamba pake, kapoto, ufa, bulangeti. Ndatsanzika aliyense, ndi galu yemwe. Ndaliza injini, ndikubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

Khu!

Mtanda wa pakhomo pa chigafa. Denga pakati ndi lalitali, koma potulukira limatsika. Zaka zonsezi pikapu imadutsa bwinobwino chifukwa inalibe chisoti. Mwamwayi wagunda ndi mkangala, sola ili bwino. Ndayeza. Zala zinayi zokha!

Njira zimene zilipo:
- kuchotsa mtanda (wanyamula fodya womaliza amene sanaumebe, ndipo amake Tadala angondiyang'ana)
- kumasula thandala (mfundo zowotcha zija, ndiponso ayi)
- kuphwetsa matayala

Ndaphwetsa onse anayi. Pikapu yagwada. Zatsala zala ziwiri. A Gondwe akwera kumbuyo kuti alemeretse, koma kuwonda kwawoko n'chimodzimodzi kuikapo nkhuku. Chala chimodzi ndi theka.

"Mukafika ku okushoni mutiimbire, adada," atero pochoka.

Kamba wa paulendo ndikudyera m'chigafa changa chomwe. Mbatata yake ndi yokoma, zimenezo sindikana.

Lachisanu

M'mawa wonse kupopa matayala ndi pampu ya njinga. Tayala limodzi, kupuma. Lina, kumwa madzi. Lachitatu, kuganizira za moyo wanga. Manja achita matuza.

Nzeru yatsopano, ndipo iyi ndiyo yeniyeni: mtanda sungakwere, koma nthaka ikhoza kutsika. Ndakumba ngalande ziwiri potulukira, modutsa matayala, kuya kwake chikhatho chimodzi. Dothi lofewa, khasu likungolowa lokha. Ndikuimba nyimbo.

Ndikungomaliza, mitambo yatulukira cha kwa Mwase. Mvula ya mu Epulo imene palibe waiitana. Nanga madzi onse a padenga la chigafa amagwera pati? Penipeni pamene ndakumbapo. Ngalande zanga zasanduka madamu awiri, abakha a a Gondwe afikamo kale.

Amake Tadala abwera kudzaona madamuwo. Angondipatsa tiyi wa shuga wambiri, ndipo zimenezo zikupweteka kuposa mawu. Tadala wagwira mimba ndi manja onse: "Ababa, musandiseketse, chonde."

Mawa pakauma ndituluka.

Loweruka

Sipanaume. Ikuwazabe.

Cha m'ma teni koloko amake Tadala afika kuchigafa, chitenje atamanga m'chiuno, beseni ndi nsalu zili m'manja. "Mwana wadwala. Tulutsani galimoto." Sanakweze mawu. "Za sola yanuyo muona nokha."

Chikwanje.

Ntchito ya tsiku lathunthu, mfundo zokoka ndi mano zija, zonse zatha m'kanthawi kochepa. A Gondwe alandira sola n'kukaiyedzamiritsa kunkhokwe. Mabelo tatsitsira pamatabwa m'chigafa. Matiresi yatsala momwemo. Tadala wagona, amake pambali pake.

Matayala akumbuyo alowa m'madamu anga aja, akungozungulira pamodzimodzi. Matope mpaka kumaso kwa a Gondwe. Ndikumva Tadala akubuula, ine mantha andigwira. Kenako a Gondwe atola mikangala yoduka ija n'kuiyala pansi pa matayala. Yagwira! Mikangala yowongoka, yosankha ndekha.

Msewu woterera mpaka kukafika pa tala, mvula njira yonse mpaka ku Boma. M'kanopi simunalowe ngakhale dontho. Wogulitsa uja ndi mabawuti ake akanaona.

Kuchipatala abambo timadikira panja. Ndakhala m'pikapu, malaya ali matope okhaokha. Ndatulutsa foni kuti ndiimbire bambo a mwanayo. Yathima. Ndachita kubwereka ya woyendetsa kabaza.

Dzuwa litapendeka amake Tadala atuluka, agogoda pagalasi. "Wachira. Kwabwera mlendo wamkazi."

Ndalira, ndisaname, nditagwira chiwongolero.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. M'mawa ndakapereka phala kuchipatala, pobwera msana wakana china chilichonse. Awatulutsa mawa.

Mmene zinthu zilili:
- sola: pansi, yoyedzamira nkhokwe, ikutchaja foni bwinobwino, tambala akumenyana ndi chithunzi chake pagalasi
- thandala: m'matope
- mabelo: ali pano, ouma
- pakhomo pa chigafa: ngati pomwera ng'ombe
- kanopi: yopanda bowo

A Gondwe akuti ndiyambirenso, ulendo uno ndimangire panja. Ndakana. Sola ikwere padenga la nyumba, babu lilowe m'chipinda cha Tadala kuti posintha matewera asamafufuze tochi. Amake ananena kale Lolemba. Akabwera ndiwauza ngati nzeru yanga, iwo achita ngati akhulupirira.

Ndakhala pakhonde ndikuganiza. Ndikanamangira panja ngati munthu wanzeru, bwenzi dzulo ndili pamzere ku okushoni. Foni yodzaza moto, babu likuwala, ine ndikumva zonse ndili kutali, galimoto ili ndi ine komweko.

Ndinyamuka Lachiwiri ndikawatula kunyumba. Foni idzathima tsiku lachiwiri monga mwa masiku onse. Ithime. Mdzukulu ndamuona kale ndi maso angawa, ali ndi makutu a achimwene.