Khoma la aDaka ndi Khoma la aPhiri

Lolemba

Kuzizira kwa Juni! Madzi a m'ndowa akuluma zala. Koma lero tikuyamba kumanga nyumba yoti amayi oyembekezera azidikiriramo pa kiliniki yathu, ndiye palibe kudandaula. Maziko alipo. Malata anatipatsa a mpingo. Njerwa tinaotcha kale, mudzi wathu uvuni wake, anzathu a mudzi winawo, amene anachokera ku Katete, uvuni wawo. Loweruka denga! Atero aDaka, apampando athu, ndipo aDaka akanena ndiye anena.

Ine changa n'chimodzi. Esnala, mwana wanga, mwezi wake ndi uno. Mimba yoyamba anachirira pa ngolo panjira, ndipo khandalo silinalire. Anesi akuti ulendo uno afike Loweruka, adzadikire pafupi. Pakali pano odikira amagona m'khichini ya kiliniki: denga, mizati inayi, khoma palibe. Ndamulonjeza kuti iye adzagona m'nyumba ya chitseko.

Analonjeza kubwera: midzi iwiri yathunthu.
Abwera: amayi khumi ndi anayi, abambo asanu, galu wa aDaka.

Abambo asonkha moto, akuotha, akuti akukambirana pulani. Ife tikutunga madzi. Nkhuni zitatha, pulani nayo yatha.

Lachiwiri

Ngolo zatsitsa njerwa, ndiye taona malodza. Zathu zazikulu ngati buledi, zawo zazing'ono ngati sopo wochapira. Kani chikombole cha aDaka china, cha aPhiri, mkulu wa anzathu a ku Katete, chinanso. Miyezi iwiri yakuumba, palibe anaganiza zoyenda kukaona cha mnzake!

aDaka: "Izi ni njelwa olo ni mabisiketi?"
aPhiri: "Zanu zikulu, bambo, koma mkati n'zosapsa."

Nzeru yapezeka dzuwa lili pamutu. Mudzi uliwonse umange makoma ake awiri ndi njerwa zake, mizere makumi awiri ndi isanu, tikakumane m'makona. Anthu awomba m'manja. Inenso ndawomba, manja anali ozizira.

Lachitatu

Zodabwitsa! Anthu adzaza. Amene Lolemba ankadwala msana lero akuthamanga ndi wilibala. Kumangira amayi oyembekezera kunali kolemera, koma ikakhala nkhani yoposa a Katete, aliyense ali ndi mphamvu.

Mbali yathu ikuimba nyimbo, mbali yawo ikuimba ina. Matope sakuuma ndi kuzizira kuno, koma akungosanjikiza. Ndanena kuti bwanji tikokeko chingwe, tione ngati makoma akukwerera limodzi. aDaka andiyang'ana mwachifundo: "Amai, vomanga ni va anamuna. Imwe tapani manzi."

Ndatunga. Ndowa khumi ndi ziwiri. Zidendene zang'ambika, milomo yang'ambika, chitenje chanyowa mpaka m'chiuno. Koma khoma likukwera, ndipo mtima wanga ukukwera nalo, chitsiru ine.

Lachinayi

Mizere makumi awiri ndi isanu yakwana uku, yakwana uko. Onse awerenga bwino, onse apambana! Kungoti khoma lathu lapitirira lawo ndi mkono wathunthu. Njerwa yaikulu ikasanjikizana kamakumi awiri ndi kasanu imafika patali kuposa yaing'ono. Nkhani imeneyi abambo makumi atatu aimva lero koyamba.

M'makona namo njerwa sizinalumane. Pali mpata woti nkhuku n'kudutsa osawerama.

Njira zilipo ziwiri:
1. Ife tiphwasule mizere ya pamwamba. aDaka akuti sanayambe aphwasulapo chomwe anamanga.
2. Iwo awonjezere. Njerwa zawo zatha. Zathu zatsala mulu, koma aPhiri akuti buledi wosapsa sakwera pa khoma lawo.

Tabalalika madzulo. Mphepo yokha ndiyo yalowa m'nyumbamo, kudzera m'makona onse anayi.

Lachisanu

Kalipentala wafika panjinga kuchokera ku Nyimba. Wazungulira nyumba kawiri, wakhala pa mulu wa njerwa, waseka mpaka kutsokomola. Kenako akuti vuto palibe: akweza pang'ono m'mbali, denga likhale lopendekera kumodzi, lotsikira ku khoma lalifupi, mawa lomwe malata akwera. Ndinatsala pang'ono kumugwadira mnyamata wa eni.

Aimirira aPhiri: "Ndiye kuti madzi a mvula a kwa aDaka azigwela ku khoma lathu?"

Juni uno! Kumwamba kulibe ngakhale kamtambo, fumbi lili m'mano, mvula ibwera Novembala, koma takhala maola anayi tikukangana za kumene idzagwere. Pakati pa mkangano wamveka uthenga woti ogula thonje afika kumsika. Bwalo lonse psiti. Kalipentala wadya mbatata zathu, wakwera njinga, akuti tikagwirizana timuimbire.

Ndakwiya mpaka chakudya chandikanika.

Loweruka

Tsiku la denga! M'mawa kwawomba chimphepo chija chimadzutsa fumbi m'minda ya thonje. Khoma lathu lalitali, lonyada, losagwirana ndi lina lililonse, lagona chagada, mbali zake zonse ziwiri. Mwamwayi munalibe munthu.

Tsopano lalitali ndi la aPhiri. Akuti denga lopendekera lija aliganizira bwino, si loipa ayi. aDaka akuti khoma siligwa lokha, pali amene analiyang'ana ndi diso loipa. Msonkhano wina Lachitatu.

Masana ngolo yafika ndi Esnala. Watsika pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno, wayang'ana mulu wa njerwawo. "Amama, ndiye nyumba ija iyi?" Sanaseke, sanadandaule. Wanyamula kathumba kake kupita ku khichini kuja kuli anzake atatu. Bola akanandinyoza.

Lamulungu

Kutchalitchi alengeza zothokoza midzi iwiri chifukwa cha umodzi. aDaka ndi aPhiri aimirira, tawaombera m'manja. Pasankhidwa komiti yoona za chikombole chimodzi, idzakumana akatha kugulitsa thonje.

Potuluka sindinapite kunyumba. Ndapita ku kiliniki, ndapeza amai Phiri, akazi awo a aPhiri, ali komweko. Kani mmodzi mwa odikira aja ndi mpongozi wawo. Sitinakambirane pulani. Tangoyamba kututa njerwa zogwa zija pamutu, ndi zidutswa za njerwa za a Katete zomwe zinatayidwa, kuzisanja kumbali ya khichini kumene mphepo imachokera. Zazikulu pansi, zazing'ono m'mipata, masaka a chimanga pamwamba. Khomalo lafika pachifuwa, ndi lokhota, ndipo likhoza kugwa mbuzi ikalitsamira.

Ndili ndi manyazi. Ndinalonjeza mwana wanga chitseko, ndamupatsa mulu wa njerwa. Ndili ndi mantha ndithu, koma anesi ali pafupi, akafuula amumva, ndipo zochirira pa ngolo ulendo uno ayi.

Esnala akuti mphepo yachepa, yangotsala ya kumiyendo. Ndamusiyira bulangete langa. Ine ndifunda zitenje ziwiri mpaka mdzukulu alire.