Kompyuta Yodziwa za M'nyumba Mwanga

Nkhani iyi mkazi wanga amaikamba ndi pamaliro pomwe, ndiye bola ndiulule ndekha, manyazi andigwire kamodzi.

Ndimagwira ntchito mu lab ya mgodi wina wa chrome ku Shurugwi. Chaka chatha anatipatsa pulogalamu yopanda mabatani. Sikirini yakuda bii, umalemba dzina la pulogalamu, kenako dzina la fayilo, Enter, lipoti la masampulo latuluka. Lipotilo likachedwa malole sanyamuka, ndipo wokalipiridwa ndine.

Tsikulo ndinadzuka m'kamwa mukuyabwa. Kunyumba ku Mtapa ndinakangana ndi amake Chipo za malaya osasita, m'kombi ndinakangana ndi kondakitala, n'kudzamalizira kwa mlonda wa pageti.

Ndafika, ndalemba bwinobwino: lipoti Shaft Two March.csv. Enter.

Kompyuta: "error: too many arguments."

Chingerezi ndimachidziwa ine, argument ndi mkangano. Yadziwa bwanji? Ndinasuzumira kuseri kwake, kulibe kamera. Ndinayesanso, yabwereza zomwezo osaphethira. Agogo anga ankasimba zodabwitsa zapansi pa mgodi, koma chanzeru chotere sanachionepo. Ndinavula chipewa.

Madalaivala ali pawindo, kudandaula kuti ndikuwachedwetsa: "Mudhara, tiri kunonoka!"

Ndinathamangira kugeti kukagwira mlonda chanza. Kubwerako, Enter. Yakanabe! Kondakitala sindikanamupeza, ndiye panatsala chachikulu chija. Ndinaimba foni anthu onse akumva.

"Amake Chipo, pepani. Wolakwa ndine."

Iwo: "Zaka makumi awiri simunapepesepo inu. Mwaita chii? Ndani mkaziyo?"

"Ayi, ndi kompyuta yandiuza kuti..."

"Mundipeza!" Foni yadulidwa.

Apo n'kuti Mai Banda, amene analemba pulogalamuyo, ataima kumbuyo kwanga, misozi ili mbwembwembwe ndi phwete.

"Baba Phiri, argument apa ndi mawu amene mukuipatsa pulogalamu kutsogolo kwa dzina lake. Ikaona space, imayesa mwayamba china. Dzina la fayilo yanu yaliwerenga ngati zinthu zitatu."

"Zitatu?" Ndinawerenga pa zala: mkazi, kondakitala, mlonda. Mantha anayambiranso.

Iwo anangoika ma quotes uku ndi uku kwa dzinalo, Enter, lipoti lija latuluka, malole n'kuyamba kulira.

"Mwaona? Imafuna argument imodzi yokha basi," anatero.

"Imodziyo ilipo, mayi," ndinayankha. "Ikundidikira kunyumba, ndipo ma quotes sangaithe."

Kuyambira tsikulo, ndisanapepese munthu ndimayamba ndafunsa a IT.