Malaya Oyera ku Kalikata

Lolemba

Ife ophikira asilikali atipatsa tchuthi cha sabata imodzi. Lole yatitsitsa mu mzinda wa Kalikata, kwa Amwenye. Mayo ine, anthu! Ngati linthumbu. Ine ndimayesa Lilongwe ndi tauni.

Koma sindinadzere kuyang'ana. M'thumba muli kalata ya akazi anga, amake Terezia, yochokera kwathu ku Nambuma. Akuti alamu anga a Lufeyo, eni mbumba, akuuza anthu kuti zaka zitatu zakwana, ine ndatchona, dimba langa la kudambo alipereka kwa mkamwini wina. Mawu a mayiwo: "Tumizani chithunzi mutavala malaya oyera ndinakusokerani aja, aone kuti mulipo."

Dongosolo:
1. Kuchapa malaya.
2. Kusita.
3. Kujambulitsa Lachitatu.
4. Kutumiza Lachinayi.

Zinthu zinayi basi. Palibe chovuta.

Lachiwiri

Ndachapa kawiri. Ndayanika pamwamba pa nyumba imene tikugona, chifukwa denga lake ndi lafulati ngati bwalo. Nzeru zimenezi! Kwathu tikanayanikapo mtedza, mbuzi osaufikira.

Kuchokera pamenepo mzinda ukuoneka wopanda malire. Nyumba pamwamba pa nyumba. Sitima zing'onozing'ono zikuyenda pakati pa msewu, zopanda utsi, zopanda nkhuni. Mango akuchita maluwa mu Malichi! Kwathu amachita mu Ogasiti.

Ndayang'ana nthawi yaitali. Potembenuka, khwangwala wasiya zake paphewa la malaya. Akhwangwala akuno saopa munthu.

Ndachapa kachitatu.

Lachitatu

Ndasita ndi simbi yobwereka. Ndikutuluka ndi Fabiano wa ku Nsaru, dalaivala wathu, amene akuti akudziwa kuli wojambula.

Kuyenda kukuchedwa chifukwa cha moni. Munthu ungamudutse bwanji ngati chitsa? Ndapereka moni kwa anthu makumi anayi, ayankha awiri. Fabiano: "Akulu, mukamaliza msewu uno nkhondo idzakhala itatha."

Pamsika ng'ombe yoyera ikudya ndiwo za mayi wina, mwini wake osaoneka. Ndatola kamtengo kuti ndithandize. Msika wonse wandikuwiza, ngakhale mayi yemweyo! Fabiano: "Kuno ng'ombe ndi apongozi, mumapatuka ndinu."

Tapatuka. Tapatukanso ina. Pofika, wojambula watseka.

Komabe ng'ombe zakezo n'zofatsa, sindinaonepo.

Lachinayi

Lero ndekha. Ndakwera kasitima kaja, koma kolowera kwina. Kanditula pamtsinje.

Mlatho! Wachitsulo chokhachokha, wautali ngati kuchokera kumishoni kukafika kumanda, ndipo m'madzi mulibe mzati ngakhale umodzi. Ndauwoloka kawiri kuti nditsimikize. Chikuugwira n'chiyani? Pamwamba pake magalimoto, ngolo za ng'ombe, magaleta okokedwa ndi anthu, amayi osenza mitanga.

Pansi pa mlathowo pali msika wa maluwa okhaokha. Achikasu, ofiira, oyera, owunjikidwa ngati chimanga pokolola. Anthu akugula maluwa, osati odya ayi! Amake Terezia akanaona, guwa la ku tchalitchi likanasangalala.

Dzuwa likuwotcha ngati la Okutobala. Malaya anyowa ndi thukuta, kolala yada. Sindingajambulitse chonchi, a Lufeyo ali ndi maso.

Ndachapa kachinayi. Mawa mamawa, osayang'ana kumbali.

Lachisanu

Sindikudziwa poyambira.

Ndatuluka malaya akuwala ngati a bambo mfumu. Masitolo onse otseka. Kenaka ng'oma. Pakona patulukira gulu, nkhope zofiira, zobiriwira, zina zofiirira, likuvina ndi kukuwa.

Mtima wanga: zilombo zatuluka! Ine ndine Mkhristu, za gule sindilowako, koma ndinakulira kwathu. Ukakumana ndi chilombo panjira umapatuka, kunjuta, maso pansi. Ndapatuka. Ndanjuta.

Munthu wa malaya oyera, wonjuta, wosathawa. Iwo akanafunanso chiyani?

Ufa wofiira kumutu. Madzi obiriwira kumsana. Wachikasu m'makutu. Podzutsa maso, si zilombo ayi. Ndi anthu wamba, nkhope zosabisa, amayi ndi abambo omwe. Nkhalamba ina ya ndevu yandidzoza pamphumi mofatsa ngati Lachitatu la Phulusa, yandikumbatira, n'kundiika m'manja kanthu kozuna ka mkaka. Ndi Lachisanu la Lenti, koma si nyama. Ndadya.

Fabiano watulukira m'gulumo, ali wofiirira mpaka mano: "Ndi chikondwerero chawo cha kutha kwa nyengo yozizira, akulu! Lero bwana ndi wantchito ndi amodzi."

Zoona. Sindinathe kusiyanitsa wolemera ndi wosauka. Mzinda wonse ukuseka. Nanenso ndaseka, mpaka ndakumbukira malaya.

Loweruka

Ndayesa:
sopo,
phulusa,
mandimu,
madzi owira,
Atate Athu katatu.

Kufiira kwachepa, kubiriwira kwakana. Makutu anga nawonso akana. Utoto wa Amwenye ndi wabwino, ndikuvomereza. Nsalu za kwathu zikanakhala ndi wotere sizikanasuluka.

Fabiano: "Musadandaule, chithunzi sichidziwa mitundu. Chimatuluka chakuda ndi choyera basi."

Tapeza wojambula pansi pa mtengo, ali ndi bokosi la miyendo itatu. Waika mutu m'nsalu yakuda, wandiuza ndi manja kuti ndisapume. Posakhalitsa chithunzi chatuluka, chonyowa. Luso lotani!

Fabiano sananame. Mitundu palibe. Pali mabanga akuda pachifuwa, paphewa ndi pamphumi, ngati munthu woomberedwa amene amuimika kuti amujambule.

Lamulungu

Misa m'tchalitchi chachikulu ngati phiri. Chilatini chake n'chimodzimodzi ndi cha ku Nambuma, ndayankha zonse osaphonya. Amwenye ena pabenchi langa makutu awo ngobiriwiranso. Tagwedezerana mitu.

Lole ibwera masana. Nthawi yochapanso palibe, malaya ena palibe.

Ndayang'anitsitsa chithunzicho. Mabatani akuoneka bwino, asanu, limodzi losiyana ndi anzake, lija amake Terezia anadula ku bulawuzi yawo. Adzalizindikira. A Lufeyo anene zawo, koma mtchona sasunga batani zaka zitatu.

Vuto ndi aphunzitsi a kumishoni, amene amawerengera amake Terezia makalata. Adzafunsa.

Ndalemba kumbuyo ndi pensulo: "Ndine ndemwe. Si magazi. Sindinalowe gule. Dimba musapereke."

Ndamata envelopu.