A Mayesitiro Olanda Nsapato

Mukamva anthu a mumsewu uja akunena kuti a Mayesitiro anali munthu wabwino, dziwani kuti akutero chifukwa mwini wake anatsogola. Ali moyo ankawatchula mayina ena. Mkuluyu ankaphunzitsa Chisipanishi m'kachipinda kapamwamba pa sitolo ya mankhwala, ndipo kaphunzitsidwe kake kanali kolanda anthu nsapato. Inde, nsapato yeniyeni, ya kuphazi. Ukangolowa m'kalasi yawo ya gawo lachinayi, ya anthu odziwa kale kupereka moni ndi kufunsa njira, ankakuvulitsa imodzi, n'kuiponya m'kabati yachitsulo, n'kukhoma loko. Kuti uitenge unkayenera kukangana nawo m'Chisipanishi mpaka agonje. Aneni akangopotoka pakamwa pako, unkapita kwanu phazi limodzi lili pansi.

"Zikomo ndi galu yemwe amanena, ndi mchira," ankatero akupukutira choko pajekete. "Chilankhulo umachidziwa tsiku limene wakwiya nacho."

Kumene anachiphunzira palibe ankadziwa bwino. Ena ankati anakhala zaka khumi akuphika m'sitima ya pamadzi. Ena ankati anakwatira kunja mkazi wolongolola, moti aneni onse analowa m'mutu mwawo pamodzi ndi mbale zimene ankagendedwa nazo. Ukawafunsa ankati, "Funsa m'Chisipanishi." Ukafunsa m'Chisipanishi ankati funsolo lapotoka.

Amene ankaonerera zonsezi bwino anali a Telala, mayi wa zaka za m'ma fifite amene ankasoka pakhonde loyang'anana ndi sitoloyo. Madzulo aliwonse ankaona anamwino, madalaivala ndi aphunzitsi, anthu aulemu wawo, akutsika masitepe motsimphina ngati nkhuku yomangidwa mwendo. Ankaseka mpaka ulusi kuduka, osadziwa kuti masitepe omwewo adzawakwera okha.

Chinawakweza si chidwi ayi. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa kudziko lolankhula Chisipanishi, anamwalira komweko, n'kusiya kamtsikana kosadziwa liwu ndi limodzi lomwe la chilankhulo cha amayi ake. Mkamwini ankakhalira kuyenda ndi ntchito, ndiye mwanayo ankasungidwa ndi amayi ake a mkamwiniyo, asewere awo a Telala. Lamlungu lililonse masana a Telala ankaimba foni, asewere n'kuyankha: mwana wagona, mwana akusamba, mwana wapita kwa anzake. A Telala anali atamaliza magawo atatu kwa mphunzitsi wina wofatsa, ndiye ankamva zonse. Ankati "gracias," ankati "perdón," kuthokoza ndi kupepesa, n'kudula foni. Panatha zaka ziwiri asanamve mawu a mdzukulu wawo. Anaganiza kuti mwina vuto ndi kuchepa kwa mawu, n'kulembetsa gawo lachinayi.

"Mwabwera kudzatani?" anafunsa a Mayesitiro tsiku loyamba.

"Pepani bambo, ndimafuna..."

"Mwandiponda?"

"Ayi."

"Nanga mukupepesa chiyani? Vulani."

A Telala anavula, anaipukuta fumbi ndi mpango, n'kuipereka ndi manja awiri. Anathokozanso. A Mayesitiro anakhala pansi atagwira mutu.

"Zaka makumi atatu ndikulanda anthu," anatero, "sindinathokozedwepo. Mayi inu mundipha."

Kalasiyo inali msika. Pabolodi pankalembedwa aneni ofunira, okanira ndi okakamiza, aja amasintha mchira munthu akati ndikufuna kuti uchite, ndikukana kuti uchite, ndikanakhala ine sindikanalola. Kenako mkangano unkayamba. Dalaivala wa ambulansi ankamenya tebulo, mitsempha ya m'khosi itatupa, a Mayesitiro n'kumuyankha mwachifatse, "No me da la gana," kutanthauza kuti sindikufuna basi, chifukwa palibe. Namwino wina analira misozi sabata yoyamba. Sabata yachisanu anawalalatira bwino moti anamubwezera nsapato yake n'kumuwonjezera ya mnzake.

Mkulu wa sukulu ya zilankhulo imene inawalemba ntchito, bambo wa tayi ndi mafuta onunkhira, anakwera tsiku lina ali ndi kalata m'manja.

"Achikulire, madandaulo achuluka. Buku likuti phunziro lachisanu ndi chinayi ndi losungitsa chipinda kuhotela."

"Tayang'anani anthu awa," anatero a Mayesitiro. "Ndani wa iwowa adzagone m'hotela? Awa akupita kunja kukasambitsa nkhalamba za eni. Akawabera maola, akawatsekera zitseko, akawauza kuti bwerani mawa. Ndiwaphunzitse kufunsa ngati bafa lili ndi madzi otentha?"

"Ndikhoza kukuchotsani ntchito."

"Mukhoza. Koma mwalowa m'kalasi mwanga. Vulani."

Musandifunse chimene chinachititsa bambo wamkuluyo kuvula, chifukwa ndi iye yemwe sakudziwa mpaka lero. Apa m'pamene zinadziwika kuti mwini sukulu ya zilankhulo sankadziwa Chisipanishi ngakhale cha moni. Anaima pamenepo sokosi yobooka ili poyera, mpaka dalaivala wa ambulansi anamumvera chisoni n'kumukanganira. Kalata zochotsa ntchito zinalembedwa zinayi pazaka zonsezo, ndipo zonse a Mayesitiro ankazibweza atazikonza ndi cholembera chofiira.

A Telala okha ndi amene anawasowetsa mtengo wogwira. Zolemba zawo zinali zoyera kuposa za aliyense, aneni onse ali m'malo mwake ngati mabatani a malaya atsopano. Koma ikafika nthawi yokangana ankangoti, "Palibe kanthu bambo, ndidzatenga mawa." Anali ndi nzeru zawo: m'chikwama ankabisamo patapata. Akatsika masitepe ankavala, n'kuwoloka msewu bwinobwino. Anachita zimenezi milungu itatu, akudziona ochenjera, mpaka tsiku lina a Mayesitiro anasuzumira pawindo.

Lachiwiri lotsatira sanawauze kuti avule. Anangotenga chikwama chija n'kuchikhuthulira patebulo. Munatuluka patapata, tepi yoyezera, choko cha nsalu, ndi kanthu kokulungidwa m'kansalu kofewa. Anakamasula. Inali sizasi yaikulu ya zogwirira zakuda.

Tsono amene simunakhalepo ndi telala m'nyumba mumve. Sizasi ya nsalu sidula china chilichonse. Sidula pepala, sidula chingwe, sidula tsitsi la mwana. Imeneyi a Telala anali nayo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo malemu mwana wawo yemwe analawapo khofi chifukwa choidulira chithunzi cha m'magazini.

A Mayesitiro anatola katoni ya mabuku n'kuyamba kuidula.

"Pepani bambo, imeneyo ndi ya nsalu."

"No entiendo. Sindikumva."

Khwe, khwe, khwe. A Telala anagwira m'mphepete mwa desiki. Katoni itatha, a Mayesitiro anayang'ana uku ndi uku, n'kuona waya womangira tsache. Anautola, n'kutsegula sizasi.

"¡Suelte eso ahora mismo!"

Siyani chimenecho pompano. Mawuwo anatuluka ngati chitseko chomenyedwa ndi mphepo, moti anamwino anayang'ana kukhomo kuti walowa ndani. A Telala anali ataimirira. Anawaletsa kuigwiranso, mneni ali ndi mchira wake woyenera. Anawauza kuti akanakhala mwana wawo akanawakoka makutu mpaka kumsewu. Anawauza kuti munthu wovala jekete ya mabatani atatu osiyana, osokedwa ndi ulusi wa matumba, alibe ufulu woyandikira chida cha munthu waluso. Anapitirira mpaka kunena za kolala, za thalauza lalifupi mwendo umodzi, ndi za ulemu umene anthu ena amauyesa kupusa. Wa mankhwala pansi paja anatuluka ndi ndowa, akuganiza kuti kwabuka moto.

Atatha mpweya, a Mayesitiro anaika sizasi ija pakansalu kake mwaulemu. Nkhope yawo inali ikuwala.

"Zolakwa ziwiri zokha," anatero. "Ndikanakhala ine asewere anu, mwana ndikanamupereka pafoni."

A Telala anazizidwa. "Mwazidziwa bwanji zimenezo?"

"Mukuyesa zolemba zanu sindiwerenga? Anzanu akapanga ziganizo amalemba za mabasi ndi mvula. Inu chiganizo chilichonse muli mwana ndi foni."

Mawa lake sizasi anakainoletsa okha kwa wonola mipeni wa kuseri kwa msika, ataimirira pambali pake n'kumamulangiza ntchito yake.

Mukuganiza kuti Lamlungu limenelo zinatheka? Ayi ndithu. Kukalipira mphunzitsi n'kwina, kukalipira munthu amene wasunga magazi ako n'kwina. A Telala ankaopa kuti akakweza mawu, foniyo sidzayankhidwanso mpaka kalekale. Asewere anati mwana akusamba, iwo anati perdón. Anakwera masitepe Lolemba ali ndi manyazi, n'kupeza kalasi ili chete. A Mayesitiro anali atagwa pabolodi m'mawa womwewo, choko chili m'manja.

Anakawaona kuchipatala Lachitatu masana. Mkulu uja anali atachepa pabedi, koma pansi pa pilo panali zolembera zitatu zolanda kwa anamwino, ndipo m'wodi monse ankadziwa kale mawu awiri atatu okanira.

"Munaimba?"

"Ndinaimba."

"Ndiye?"

"Mwana amasamba."

"Mwanayo ndi nsomba?"

A Telala anaseka, misozi ili m'maso. Kenako a Mayesitiro analankhula motsitsa, chinthu chimene palibe anawamvapo akuchita.

"Mayi, matendawa ndawakanira kawiri. Kachitatu ndigonja, ndikudziwa. Koma ndigonja ndikulankhula. Inu mukugonja muli chete, ndipo mwanayo akukula akuganiza kuti kwa amayi ake kulibe amene amamufuna. Ulemu wanuwo iye sakuumva. Akungomva kuti foni yadulidwa."

Anamwalira Lachisanu dzuwa lili paliwombo. Akuti mawu awo omaliza anali ouza dokotala kuti akulakwitsa.

Kumaliro kunadzaza. Mkulu wa sukulu analankhula mawu okoma ambiri, ndipo sabata yotsatira analemba ntchito mphunzitsi wachitsikana waulemu, wa makina omvera m'makutu. Sanalakwe kanthu mtsikanayo, phunziro la hotela analiphunzitsa bwino kwambiri. A Telala analowa kamodzi, anamvetsera anthu akufunsana mwaulemu za madzi otentha, n'kutuluka lisanathe.

Lamlungu anakhala pampando wa makina awo, pakhonde pomwepo, n'kuimba.

"Mwana wagona," anatero asewere.

Perdón uja anafika mpaka pamilomo. A Telala anamumeza.

"Mudzutseni," anatero m'Chisipanishi. "Ndidikira."

Asewere anayamba kufotokoza kuti nthawi si yabwino, kuti mwana amasokonezeka, kuti mwina sabata yamawa. A Telala sanawalole kumaliza. Anawauza kuti akuthokoza chifukwa chosunga mwanayo, ndipo kuthokoza kumeneko n'komaliza. Anawauza kuti iwo anabereka mayi wa mwanayo, anamuyamwitsa, ndipo sanaone ndi manda ake omwe. Anawauza kuti akufuna mwanayo abwere pafoni lero, ndi Lamlungu lililonse, ndipo akadula aimbanso, akazimitsa alemba kalata kwa mkamwini, kusukulu ya mwanayo, ndi kwa aliyense wodziwa kuwerenga m'dziko limenelo. Sanatukwane, koma sanapemphenso. Anthu odutsa mumsewu anaima.

Kunja kuja foni inagogoda patebulo. Kunamveka mapazi akupita, chitseko, kenako timapazi tikubwera.

"¿Abuela?" Agogo?

A Telala analankhula zonse zimene anasunga zaka ziwiri. Anafunsa ngati akudya, ngati mano akutsogolo anaguluka, ngati akudziwa kuti ali ndi mphuno ya amayi ake. Mwanayo ankayankha mwamanyazi, kenako anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kwa mwana, mpaka kutsamwa.

"Ukuseka chiyani?"

"Agogo, n'chifukwa chiyani mumalankhula ngati nkhalamba yaimuna yokwiya?"

A Telala anatsegula pakamwa kuti akane, n'kudzimva okha. Kakwezedwe ka mawu, kadulidwe ka ziganizo, ndi kutsokomola komwe asanayambe funso, zonse zinali za a Mayesitiro. Chisipanishi chofatsa chija chinali chitathawa, ndipo chotsala chinali chokhacho chimene anachitola pokangana. Anaseka, kenako analira mosabisa, mwana ali pafoni akufunsa ngati wawakhumudwitsa.

"Ayi mwanangu. Ndi amene anandiphunzitsa. Ukanamuona, ukanamuthawa."

Msewu uja masiku ano ndi wofatsa. Pamwamba pa sitolo sipamvekanso kumenya matebulo, ndipo wa mankhwala akudandaula kuti masana amawodzera pakauntala. Anthu amakwera mwaulemu, n'kutsika mwaulemu, ndipo ambiri amakhoza mayeso. Koma Lamlungu, ikakwana folo koloko, makina osokera amaima, ndipo pakhonde paja pamabuka mawu a a Mayesitiro, aukali ngati kale, akufunsa kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu ngati kavala juzi. Wa mankhwala amatsegula windo n'kukhala pansi, ngakhale samva liwu ndi limodzi lomwe.