Tsiku limene ndinamwa kloro pamaso pa mpingo wa alamu anga

Ku Chidzolomondo kuli mudzi umene ndimalowa chisoti cha mota (njinga yamoto) chili kumutu mpaka pakhomo, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anthu amati ndimasamala malamulo a pamsewu. Zoona zake ndi manyazi, ndipo lero ndaganiza zoulula.

Ndimaphunzitsa ciências, ndiye kuti sayansi, pa sukulu ina ku Furancungo, ndipo matenda anga ndi akuti ndikadziwa chinthu ndimafuna dziko lonse lidziwe kuti ndikuchidziwa. Dzinja lina matenda otsegula m'mimba analowa m'midzi ya ku Chidzolomondo. A zaumoyo ankagawa timabotolo ta kloro, mankhwala othira m'madzi akumwa: chitsekero chimodzi pa chigubu chachikulu, kudikira pang'ono, basi. Koma achemwali anga a Esinati, amene anandilera tili othawa nkhondo ku Malawi, anakwatiwa mu mpingo wosakhudza mankhwala a mtundu uliwonse. Iwo, amuna awo a Zakeyu ndi ana atatu ankamwa madzi a mumtsinje, pomwe mudzi wa kumtunda kwa mtsinje womwewo unali utayamba kale kuika maliro. Ndinkaopa kwambiri. Foni ikalira ndili m'kalasi, choko chinkandigwa m'manja.

Munthu wanzeru akanapita mkati mwa sabata n'kukhala pansi ndi achemwali ake. Ine ndinasankha Loweruka, tsiku lawo la mapemphero, poganiza kuti ndikagonjetsa mtsogoleri wawo pamaso pa onse, mudzi wonse upulumuka tsiku limodzi.

Amapempherera pa thanthwe pamwamba pa phiri, onse atavala zoyera, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo, nsapato zonse kunsi kwa mwala. Zanga ndinavula (sokosi inali yobooka pa chala chachikulu, koma chimenecho chinakhala chochepa pa manyazi a tsikulo). Ali ndi mwambo wakuti mlendo amapatsidwa mpata wopereka moni: umaimirira, kutchula dzina ndi kumene wachokera, kufunira mpingo mtendere, n'kukhala pansi. Ine ndinaimirira, ndinatchula dzina, kenaka ndinatulutsa kabotolo ndi choko m'thumba n'kuyamba phunziro. Ndinajambula tizilombo ta m'madzi pa thanthwe lawo lopatulika, tamiyendo, tazikulu ngati makoswe. Alamu anga anandikoka buluku kawiri. Achemwali anali atazyolika, akuyang'ana zala zawo.

Mtsogoleri wawo, bambo wachikulire wometa mpala, wandevu zoyera, anandisiya mpaka mpweya unandithera. Sanakwiye ayi. Anandifunsa mofatsa ngati tizilomboto ndinationapo ndi maso anga. Ndinati inde (ndinationa m'buku, koma si buku limene anafunsa). Anagwedeza mutu n'kuloza kabotolo ndi ndodo yake.

"Aphunzitsi, mwati mankhwalawa amapha zamoyo za m'madzi. Nanga akalowa m'mimba mwa mwana, amadziwa bwanji kuti apa ndilekeze?"

Funso labwino, ndipo yankho ndinkalidziwa: amathiridwa pang'ono m'madzi ambiri, mphamvu yake imakwanira kachilombo, osati munthu. Ndimaphunzitsa zimenezi chaka ndi chaka. Koma mayi wina anaseka kumbali ya akazi, ndipo kusekako kunandilowa m'mutu. Ndinatsegula kabotolo, ndinakakweza kuti onse aone, n'kugugudiza osasakaniza ndi kanthu. Dziwani kuti panalibe amene anandiuza kuti ndimwe.

Poyamba ndinamwetulira. Kenaka mmero unayaka, mphuno zinayaka, misozi n'kuyamba kutsika yokha. Ndinayesa kuwerenga zolembedwa pa botolo kuti ndione ngati munthu amafa nazo, koma zilembo zinkasambira. Ndinagwada, ndipo ndinasanza pomwepo, pa tizilombo tanga tojambula tija. Mantha amene ndinamva sindinawamvepo chiyambire. Ndinkaganiza za mtunda wa kuchokera paphiripo kukafika kuchipatala, ndi za mkazi wanga amene ndinamuuza kuti ndikukaona nyemba za kumunda.

Mpingo unandizungulira n'kuyamba kuyimba. Manja ambiri anandigwira pamutu. Ine amene ndinabwera kudzawatsutsa ndinkayankha ameni mokweza kuposa atumiki awo. Ndinapempha madzi, anandipatsa chikho chodzaza, ndinamwa chonse n'kupemphanso china. Ndili pakati pa chachiwiricho ndi pamene nzeru zinabwerera: anali madzi a mumtsinje uja.

Mtsogoleri uja ndiye analamula kuti andipititse kuchipatala. Anati munthu asafere pa chikhulupiriro cha eni ake, apite kumene mtima wake uli. Alamu anga anandibereka kutsika phiri, ine ndili wopanda nsapato, n'kundimangirira kumsana kwawo pa mota yanga yomwe ndi chitenje cha achemwali. Msewu wonse wamatope uja ankapemphera mokweza, ine ndikubuula m'khosi mwawo. Pa geti la chipatala anaima, chifukwa iwo salowa, n'kundipereka kwa mlonda ngati thumba la chimanga.

Enfermeira, namwino wa pachipatalapo, atamva nkhani yonse anatuluka panja kaye, ndikuganiza kuti kukaseka. Atabwerera anati mankhwala a m'timabotolo timeneto ndi osungunula kale, mmero upola pakapita masiku. Chimene chinamudetsa nkhawa ndi zikho ziwiri zija. Anandiuza kuti ndidziyang'anire masiku angapo, ndipo masiku amenewo ndinawatha ndikumvetsera mimba yanga ngati wailesi. Ikangolira pang'ono, ndinkayamba kulangiza mkazi wanga za ana. Matenda sanandigwire.

Patapita sabata ziwiri achemwali anabwera kumsika wa ku Furancungo kudzagulitsa nyemba, ndipo anadzera kunyumba atandinyamulira nsapato. Ndinayamba kupepesa chifukwa chowachititsa manyazi. Anandidula.

"Achimwene, manyazi si kanthu. Ine ndinkathira kale mankhwalawo."

Anandifotokozera kuti kuyambira maliro oyamba, iwo ndi amayi ena angapo a mu mpingomo ankalandira timabotolo mwakachetechete kwa mayi wina wa mudzi woyandikana. Kawo ankakabisa m'thumba la nyemba, n'kumathira m'chigubu amuna awo ali kumunda. A Zakeyu ankadandaula kuti madzi a chaka chino akumveka zachilendo, iwo n'kumati ndi mvula.

"Amuna athu fungo lake sankalidziwa," anatero achemwali. "Inu munalisanza pamaso pawo. Tsopano bambo aliyense amanunkhiza chigubu asanamwe. Kanga anakapeza, anakataya m'chimbudzi."

Ana atatu aja anali otetezeka mpaka tsiku limene ndinakwera phiri kukawapulumutsa, ndipo dzinja linali lisanafike ndi pakati pomwe. Ndinafunsa chimene akumwa tsopano. Anati akuphitsa, chifukwa moto mpingo suletsa, koma nkhuni za m'dzinja n'zonyowa ndipo masiku ena ana amatunga okha osadikira.

Ndinawapempha kuti andiuze chimene ndingachite. Anandiyang'ana nthawi yaitali, monga ankachitira ndili mwana ndikaswa mbale. Anati ndizibweretsa thumba la makala, ndizilisiya kuseri kwa khitchini, ndizipereka moni kwa alamu anga, ndipo ndisaphunzitse munthu aliyense.

Makala ndinapititsa dzinja lonse, mtima uli m'mwamba ulendo uliwonse ndikamayandikira mudziwo, kumvetsera ngati kukumveka kulira. Mvula itatha ana onse atatu anali moyo. Ku mudzi wa kumunsi, kwa mmodzi wa amayi aja amene anawalandanso kabotolo, sizinathe choncho: mwana wake anamwalira, ndipo kumaliro kwake ndinakhala kumbuyo kwenikweni, osatsegula pakamwa.