A Taimani Ankameta Motsatira Filimu

Usiku woyamba kugona m'nyumba imene tikukhalayi, ndinamva mfuti ikulira kuseri kwa khoma la kuchipinda. Kenako mayi wina anakuwa, galimoto inawomba chinachake, magalasi n'kusweka. Amuna anga amayendetsa thiraki, ndiye anali pa ulendo. Ndinanyamula mwana n'kukwawira naye pansi pa bedi, ndipo tinatulukamo kutacha, tonse fumbi lokhalokha. Nditafunsa mayi wogulitsa tomato panja kuti afa angati, anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Palibe wafa, mwana wanga. Amenewo ndi a Taimani. Dzulo inali ya apolisi."

A Taimani anali wometa. Shopu yawo inagundana ndi chipinda chathu, ndipo aliyense mumsewu wathu ankadziwa kuti mkuluyu sankameta motsatira zofuna za mwini mutu. Ankameta motsatira filimu imene ili pa kanema. Kakanema kawo kanali pashelefu yopindika pamwamba pa galasi, moti maso awo ankakhala kumwamba, manja ali pamutu panu. Ndipo sankasankha: a karate, a nkhondo, a chikondi, a kukhoti, oimba n'kuvina, makatuni, ngakhale aja a nyama zakutchire omwe munthu amangonong'ona mkango uli mtulo. Filimu ikafika pokoma ankanyamula mashini m'mwamba n'kukuwa kuti, "Taimani kaye!" Dzina linachokera pamenepo. Zikatero munthu unkakhala pampando ndi mutu wometa theka mpaka akita, mwini filimu, apulumuke.

Ine ndinalumbira kuti mutu wa mwana wanga sudzafikako. Anthu ankaganiza kuti ndikuopa a Taimani, ndipo sindinkatsutsa, chifukwa ine ndimaopa zambiri. Ndine mayi uja amene amadzutsa mwana ali mtulo kuti aone ngati akupuma. Koma chifukwa chenicheni chinali china. Kamnyamata kanga, ka zaka zitatu, kanali ndi chotupa kuseri kwa khutu. Adokotala anati si choopsa koma chikukula, chiyenera kuchotsedwa, ndipo pochichotsa ayenera kumugoneka tulo. Kawiri konse ndinamuveka zovala zabwino, kufika naye pageti la chipatala, n'kubwerera pomwepo. Ndinangolisiya tsitsi kuti likule libise. Amuna anga ankati, "Amake mwana, tsitsi si mankhwala." Ndinkayankha kuti ndamva, n'kupitiriza kulipesera mbali ya khutulo.

Choncho ndinkangoonerera mitu ya anthu ena ndili pakhomo panga. Odziwa ankayamba asuzumira kaye: "Lero kuli ya chiyani, bambo?" Aphunzitsi a masamu, atangosamukira kumene kwathuko, sanafunse. Anakhala pampando tsiku la karate n'kupempha kuti awachepetse m'mbali mokha. Mashini anayenda ngati akuthamangitsidwa, a Taimani akudumphadumpha, "Hiya! Mpatse china!" Aphunzitsi podzayang'ana pagalasi anapeza mpala wonyezimira.

"Bambo, ndinati m'mbali mokha!"

"Aphunzitsi, gulu lonse lija linamuzungulira munthu mmodzi. Mukanakhala inuyo, mukanachepetsa m'mbali mokha?"

Tsiku la filimu ya chikondi zinali zina. Ankameta pang'onopang'ono, tsitsi limodzilimodzi, misozi ikudonthera pakhosi pa munthu. Mnyamata wina wowotcherera zitsulo anabwera m'mawa wa tsiku la ukwati wake, suti ili m'manja, galimoto ikuimba hutala panja.

"Mwana wanga," anatero a Taimani akufwenthera, "mkazi ameneyo ukamukonde. Usakamusiye pa siteshoni ngati chitsiru ichi."

"Ndamva bambo, koma kutchalitchi akundidikira."

"Taimani kaye! Sitima sinanyamuke. Mwina atembenuka."

Chitsiru chija sichinatembenuke. Mkwati anakafika kutchalitchi mochedwa, atametedwa bwino kuposa mkwati aliyense amene ndinamuonapo, maso ali psuu ndi kulira. Mkazi wake mpaka lero amanyadira kuti mwamuna wake anamulirira pa ukwati. Tonse timangoti, "Eee, amakukondani zedi."

Ya kukhoti ikakhalapo, unkafunsidwa mafunso ngati mkaidi, lumo lili pakhosi: "Ndiye Lachiwiri madzulo munali kuti?" Kalipentala wina anavomera kuti anabwereka sowo ya mnzake osabweza, palibe amene anamufunsa za sowo. Ya kuvina inkasiya mizere yokhotakhota m'mutu, ndipo anyamata anayamba kuipempha dala, moti ometa a misewu ina ankavutika kuiphunzira. Ya nyama zakutchire ndiyo anthu okalamba ankaikonda, chifukwa a Taimani ankayenda monyang'ama kuti asadzidzimutse mbawala, wometedwa n'kugona tulo tabwino.

Vuto linali mafilimu oopsa, aja a mizimu ndi nyumba zakale. A Taimani ankawaopa kwambiri, koma sankawadumpha. Ankati filimu iliyonse anthu anaivutikira, kuidumpha n'kupanda ulemu. Chinthu chikatulukira mwadzidzidzi ankadzidzimuka thupi lonse, mashini n'kupita kumene afuna. Tsiku lina ndinalimba mtima kukawapempha kuti achepetseko mawu, mwana agone. Pampando panali makaniko wa njinga zamoto. Ndisanalankhule, maso anga anagwera pa kanema.

"Chitseko cha kabatiyo chinali chotseka," ndinatero. "Pano chatseguka pang'ono."

A Taimani ananyamula mashini m'mwamba. Nthawi yomweyo chinthu chosaoneka bwino chinalumpha kuchokera m'kabati, a Taimani n'kukuwa, chipeso n'kuulukira kudenga. Makaniko anagwira khutu lake, n'kulipeza lilipo.

"Mayi," anatero makanikoyo, "Mulungu akudalitseni. Linali litapita ili."

Kuyambira tsiku limenelo ndinalembedwa ntchito yopanda malipiro. Ankagogoda pawindo: "Amake Akita, bwerani, lero ndi yoopsa." Mwana wanga a Taimani ankamutcha Akita. Ndinkakhala pabenchi, mwana ali pamiyendo atayang'ana kukhoma, n'kumachenjeza: "Nyimbo yasiya, nyamulani mashini. Galuyo wangoti zii, nyamulani mashini." Sindinaphonyepo. Anthu anayamba kufunsa pakhomo kuti, "Ndi yoopsa? Nanga amake Akita alipo?" A Taimani ankandiloza ndi chipeso monyadira: "Ena mantha amawatseka maso. Awa amawatsegula." Kuyambira ndili kusukulu anthu ankangondiseka ndi mantha angawa. Aka kanali koyamba kuti munthu awapezere ntchito.

Maso omwewo ndi amene anandionetsa zina. A Taimani ankafufuza chipeso ndi dzanja chili patsogolo pawo. Ankandifunsa motsitsa mawu kuti, "Wavala zofiirayo ndi uja wa poyamba, kapena wina?" Dzuwa likalowa pakhomo, m'maso mwawo munkaoneka kuyera. Inali ng'ala. Mwana wawo wamkazi, amene ankakhala kutali, ankaimba foni pafupipafupi kuti apite akawachite opareshoni, koma iwo ankaitalikitsa foniyo n'kumakuwa kuti, "Sukumveka! Halo? Sukumveka!" pamene tonse pabenchi tikumumva bwinobwino.

Tsiku lina kunali makatuni. Ndinangotembenuka pang'ono, Akita n'kukwera yekha pampando wometera. A Taimani anamusisita m'mutu mwa chizolowezi, ndipo dzanja lawo linaima kuseri kwa khutu. Sanakuwe. Anatambasula dzanja lina n'kuchepetsa mawu a kanema, chinthu chimene ngakhale abusa analephera kuwachititsa.

"Amake Akita, ichi n'chiyani?"

Ndinawauza zonse, mpaka za pageti.

"Mukuopa chiyani kwenikweni?"

"Kuti akamugoneka sadzukanso." Mawu amenewa ndinali ndisanawanenepo ngakhale kwa amuna anga. Nditaona kuti misozi yayandikira, ndinawabwezera. "Nanga inu, bambo, maso amenewo? Foni yanu imamveka bwino, tonse timaimva."

"Zanga zisiyeni. Ine mantha anga ndakalamba nawo, tinazolowerana. Koma uyu sanavomere kusenza anuwo. Kapempheninso tsiku. Ndidzakuperekezani, ndipo mukadzatembenuka pageti mudzapeza ine."

Tsikulo linafika amuna anga ali kunja kwa dziko ndi katundu. Anamwino anali atanena kuti tsitsi lichoke, ndiye m'mamawa ndinamukhazika ndekha Akita pampando uja. Wina anasuzumira pakhomo: "Lero kuli ya chiyani, bambo?"

"Lero kulibe."

Kanema anali wozima. A Taimani anaweramira pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda mutu wa mwana, chala chimodzi chitaphimba chotupa, mashini akuzungulira pang'onopang'ono. Mayi wa tomato anasiya benchi yake kudzaona. Anati chibadwire sanawaonepo a Taimani akuyang'ana mutu umene akumeta.

Anatseka shopu, n'kuvala jekete la zikwama zong'ambika. Titafika pageti la chipatala, miyendo yanga inachita zomwe inazolowera: inatembenuka yokha. Ndinapeza a Taimani atatseka njira yonse, miyendo atatangadza, manja ali m'mwamba ngati akita wa karate. Kungoti sankaona bwino, ndiye amene anamuopsezayo anali mlonda wa pageti, ine ndili chapambali.

"Simudutsa pano, mayi!"

"Agogo," anatero mlondayo, "ine ndine bambo, ndipo ndimagwira ntchito pano."

Ndinaseka mpaka mwana anagwedezeka kumsana. Ndikusekabe choncho, ndinapezeka kuti ndalowa.

Atamutenga Akita, chitseko n'kutsekeka, kuseka kunatha. Tinakhala pabenchi ya mukhonde pamodzi ndi anthu ena odikira.

"Bambo, inu mwaonera mafilimu onse. Iyi itha bwanji?"

Ndinkayembekeza kuti anena zomwe ankanena tsiku lililonse mushopu, zoti akita safa.

"Amake Akita, iyi sindinaionepo. Ndikakuuzani mathero ndikunamizani. Koma tiionera limodzi." Anakonza kukhosi. "Podikira, ndikuuzeni ina. Panali msilikali amene anakonda mwana wa woweruza milandu."

Filimu imeneyo kulibe, ndikutsimikiza. Msilikaliyo anathawa kunkhondo pa hatchi, hatchiyo inali ya apolisi, apolisiwo anayamba kuvina pamsika, mkango unalowa m'khoti n'kukhala kumbuyo mwaulemu, kenako onse anakwera chombo kupita kumwezi chifukwa apongozi anali kumeneko. A Taimani ankaimirira, kuwombera mfuti ndi zala, kulira mbali ya mtsikana, kubangula mbali ya mkango. Mayi wokolopa anatsamira mopu n'kuiwala ntchito. Bambo wina wa pulasitala kumwendo anatsutsa kuti hatchi singalowe m'chombo, anthu n'kumuuza kuti akhale chete. Ine ndinkamva theka, theka lina lili pachitseko. Koma sindinathawe.

Chitseko chinatseguka msilikali atangofika pakhomo pa apongozi. Anamwino anati, "Mayi ake a mwana uja? Wadzuka. Akufunsa kuti ndani wamumanga chinsalu m'mutu." Ndinathamanga osaona kumene ndikuponda. Kumbuyo ndinamva wa pulasitala uja akudandaula: "Nanga mkango uja, agogo? Musatisiye chonchi!"

Patsiku lotuluka m'chipatala anabweranso kudzatitenga. Mu basi sanalankhule za filimu iliyonse. Ankangoyang'ana kumene kunali Akita, amene ankaonetsa bandeji yake kwa aliyense ngati mendulo. Titatsika anati, "Kamunthu aka kandichititsa manyazi." Madzulo ake tinawamva akuimba okha foni, ndipo inamveka bwino. Mwezi usanathe mwana wawo anabwera kudzawatenga, iwo ndi makatoni a mafilimu, kakanema kaja atakafungatira pamiyendo ngati khanda.

Shopu ija pano muli mnyamata waulemu kwambiri. Amameta zomwe wapemphedwa, mofulumira, akuyang'ana mutu. Palibe amene amadandaula, komanso palibe amene amakhalitsa. Benchi imakhala yopanda munthu. Mitu ya mumsewu wathu inayamba kufanana ngati mazira a m'thireyi, moti amuna anga akabwera ku ulendo amati sakudziwanso amene anametedwa tsiku lanji. Ine mantha ndikadali nawo, sindinganame, koma Akita ndimamulola kusewera mpira panja ndi anzake, ine ndikuyang'ana pawindo ndi diso limodzi lokha.

Sabata yatha foni yanga inalira. Mawu ake ndinawadziwa asanamalize moni.

"Amake Akita, ndikuona! Maso onse awiri! Mukudziwa kuti mu filimu ija ya nkhondo, munthu amene ndinkamulira chaka chilichonse uja anali mdani?"

"Tinkadziwa, bambo. Tinkaopa kukukhumudwitsani. Mubwera liti? Mitu ikukudikirani kuno."

"Mitu ipeze wina, mwana wanga. Zaka zonsezi ndakhala ndikuonera chifunga, ndiye ndaganiza zowayambiranso onse, kuyambira katoni yoyamba. Ndaona kuti kumeta kuja kunkandisokoneza."